Mwana wa wothyola tiyi akatenga digiri, amuperekeza ndani ku ntchito?

Boma la Thyolo lili ndi zinthu ziwiri zimene maboma ambiri m'Malawi muno amangozimvera kwa anzawo. Choyamba ndi makampani akuluakulu olemba anthu ntchito, ena mwa iwo atakhala pamalo amodzi zaka zoposa 100: Satemwa, imene Maclean Kay anaikhazikitsa mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima, ndi minda ya Eastern Produce cha ku Makwasa. Chachiwiri ndi sukulu zaukachenjede. Ku Ndata kuli yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014, ndipo ku Makwasa komweko kuli koleji ya zaumoyo ya Malamulo, nthambi ya Malawi Adventist University. Onjezanipo malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe, ndi Tea Research Foundation of Central Africa yomwe ili chapafupi, ku Mimosa m'boma la Mulanje. Wongoyang'ana pamapu anganene kuti mwana wa kuno akangophunzira, ntchito yamupeza pakhomo.

Sizili choncho. Yendani m'midzi yozungulira minda ya tiyi, mufunse za ana amene anavala gauni zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Mumva kuti wina akusungidwa ndi achibale ku Bangwe kapena ku Ndirande, akuponya makalata, wina akuphunzitsa pa kasukulu ka pulayiveti komwe malipiro amabwera mwini sukulu akakumbukira, wina anabwerera kumudzi ndipo amazemba pamsika chifukwa chotopa ndi funso lakuti, "Mwayamba kuti, achimwene?" Pakati pa digiri ndi ntchito pali mtunda, ndipo funso ndi lakuti ndani ayenera kumuperekeza mwanayo pamtundapo.

Mayiko ena analiyankha kalekale funsoli. Yunivesite ya Oxford inakhazikitsa komiti yothandiza omaliza maphunziro kupeza ntchito mu 1892, ndipo mu 1908 Frank Parsons anatsegula ofesi ya uphungu wa ntchito mumzinda wa Boston. Lero mayunivesite akumeneko ali ndi maofesi otere okhala ndi antchito awoawo, osati mphunzitsi wongosenzetsedwa udindowo pamwamba pa makalasi ake. Ntchito yawo ndi kudziwana ndi olemba ntchito, kupezera ophunzira malo okaphunzirirako ntchito, kuwazoloweretsa kudzifotokoza pakalata ndi pa intaviyu, ndiponso kulondola kumene omaliza maphunziro agwera.

Kuno kwathu ofesi yotereyi sinkafunika pachiyambi. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ophunzira anali osakwana 100, ndipo dziko limene linali litangolandira kumene ufulu linali ndi mipando yambiri yosiyidwa ndi atsamunda. Kwa zaka zambiri boma, ADMARC, ESCOM, Press ndi mabanki ankachita kulimbirana omaliza maphunziro. Zinthu zinatembenuka. Chigawikire Yunivesite ya Malawi mu 2021 n'kutuluka MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite a boma alipo 6, ndipo a mipingo ndi a anthu paokha ndi ochuluka kuposa pamenepo. Omaliza maphunziro achuluka, pamene boma limene linkawalemba limachita kuyang'ana kaye m'thumba. Koma maganizo akale aja akadalipo: ya yunivesite ndi kuphunzitsa ndi kupereka pepala, zotsalazo udziwa wekha. Zionetsero za ntchito zimachitika ndithu, makampani n'kubwera ndi matenti, timapepala ndi zolembera zaulere, ndipo a ofesi yosamalira ophunzira amaitana alendo odzalankhula za CV. Sindikunyoza zimenezi. Koma tsiku limodzi pachaka, kwa munthu amene watsala ndi miyezi itatu kuti alembe mayeso omaliza, n'kuchedwa.

Kuchedwaku sikupweteka onse mofanana. Mwana wa ku Namiwawa kapena ku Area 10 ali kale ndi aphungu kunyumba: bambo amadziwana ndi bwana wa kubanki, mayi amapemphera mpingo umodzi ndi wolemba ntchito wa kampani inayake, ndipo CV yake imadutsa m'manja mwa anthu angapo isanatuluke pageti. Mwana wa wothyola tiyi wa kwa Nchilamwela kapena kwa Kapichi alibe zimenezo. Akuluakulu amene makolo ake amawadziwa ndi kapitawo, kalaliki wa pasikelo, mwinanso mlonda wa pageti ya fakitale. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja, mwana akafika pamphambano m'moyo amathamangira kwa amalume. Ofesi ya uphungu wa ntchito iyenera kukhala malume wa mwana amene amalume ake enieni sanakhalepo kuseri kwa tebulo la mu ofesi. Ndiye kwa ine iyi ndi nkhani ya chilungamo, osati chokometsera sukulu.

Pali chinanso chimene ochokera kutali sachigwira msanga. Ku Thyolo esiteti si malo a ntchito chabe, ndi mbiri yowawa. Agogo ambiri a kuno anachokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kukhala pamalo a azungu mwa thangata, kulipira lendi ndi thukuta. Makwerero a pa esiteti anali odziwika: munthu wakuda amathera pa ukapitawo kapena ukalaliki, kumtunda kwake n'kwa mzungu. Lero Amalawi alipo pa maudindo a umanejala, koma mawu amene kholo lothyola tiyi limauza mwana wake sanasinthe: limbikira sukulu, usadzabereke dengu ngati ine. Chimene mwanayo amamva n'chakuti kuphunzira ndiko kuthawa tiyi. Akatenga digiri maso ake ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo fakitale imene anakula akuona utsi wake saiganizira n'komwe kuti injiniya angagwireko ntchito.

Chikhalirecho, ntchito ya tiyi ili ndi sayansi yochuluka kuposa mmene imaonekera ukamadutsa pamsewu wa ku Thyolo boma. Tsamba likachoka m'munda liyenera kufika kufakitale lisanapse m'matumba. Kumeneko amaliyala m'mathireyi ataliatali momwe mumadutsa mphepo kuti lifote, kenako limalowa m'makina a CTC olidula ndi kulipota, n'kusiyidwa kuti lisinthe kuchoka kobiriwira kufika kofiirira, ndipo pamenepa mphindi zochepa chabe zingakweze kapena kugwetsa mtengo wa tiyi yense wa tsikulo. Akaumitsa ndi kutentha kochokera ku nkhuni za bulugamu amasefa ndi kugawa magiredi, ndipo wolawa tiyi amaweruza ndi lilime lake zimene zikagulitsidwe ku okushoni ya ku Limbe kapena kutumizidwa ku South Africa ndi ku Britain. Pena paliponse pali funso la injiniya: nkhuni tingazichepetse bwanji, magetsi akazima tsamba lipulumuka bwanji, chinyezi tichiyeze bwanji kuti tisamangodalira dzanja la munthu amene watsala pang'ono kupuma pantchito. Kumunda nako mafunso achuluka. Tiyi wathu wambiri amadalira mvula, ndipo zokolola zochuluka zimabwera kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mvula ikachedwa, kapena ikabwera ngati ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamafunika odziwa zanyengo, za nthaka, za madamu ndi ulimi wothirira, maphunziro amene akuperekedwa ku Ndata ndi ku Bunda. Ogula akunja amafuna ziphaso za Rainforest Alliance ndi Fairtrade, ndipo ziphaso zimenezi zimadya anthu osunga bwino marekodi. Palinso minda ya makadamiya, zipatala za pa esiteti zofuna anamwino, ndi maofesi ofuna owerengera ndalama.

Tisanamizane, mipando imeneyi ndi yochepa. Makampani a tiyi m'dziko muno amalemba anthu pafupifupi 50,000 m'nyengo ya mvula, ndipo pa olemba ntchito amaposedwa ndi boma lokha, koma ochuluka zedi mwa anthuwa ndi othyola, opalira ndi ena a ntchito za nyengo. Wa digiri amafunika wa apo ndi apo, ndipo akalowa sachoka msanga. Choncho phindu lalikulu la maesiteti kwa wophunzira si kumulemba ntchito, koma kumuphunzitsa ntchito. Nkhani yonse yagona pa atachimenti.

Tsegulani The Nation kapena The Daily Times pa tsamba la ntchito. Pafupifupi wolemba aliyense akufuna munthu amene wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Wongomaliza kumene azitenga kuti zakazo? Chomwe angaonetse ndi miyezi imene anakhala pakampani akadali pasukulu. Maphunziro ambiri a uinjiniya, zaulimi ndi zaumoyo amaika nthawi imeneyi m'ndondomeko yawo, ndipo papepala zonse zili bwino. Vuto lili pa kachitidwe. Kawirikawiri wophunzira amapatsidwa kalata ya sukulu n'kuuzidwa kuti akadzipezere yekha malo. Wokhala ndi omudziwa apeza malo abwino sabata yomweyo; wopanda omudziwa atha nsapato. Akawapeza malowo, azigona kuti, azidya chiyani? Ngongole ya bungwe la HESLGB, limene linayamba mu 2015, ndi ya fizi ndi zofunika za pasukulu, si ya lendi ya ku Chitawira. Ndiye pali ena amene malo amawapeza, koma miyezi yonse n'kuthera pa kufotokopa mapepala ndi kutumidwa kukagula chipisi cha abwana, n'kubwerera kusukulu ndi fomu yosainidwa yoti anachita bwino kwambiri.

Kumene njirayi inakhwima amaichita mosiyana. Mu 1906 Herman Schneider anayambitsa ku yunivesite ya Cincinnati dongosolo loti ophunzira uinjiniya azisinthanitsa, nthawi ina m'kalasi, nthawi ina mufakitale, ndipo yunivesite ya Waterloo ku Canada inamangidwa pa dongosolo lomweli kuyambira mu 1957. Chinsinsi chake si chachilendo. Sukulu ndiyo imasaka makampani ndi kusunga ubale nawo chaka ndi chaka, wophunzira amalipidwa, ndipo amapatsidwa ntchito yeniyeni imene wina adzaiyang'ane ndi kuipatsa malikisi. Sitifunikanso kupita kutali choncho. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limalandira 1 peresenti ya malipiro kuchokera kwa olemba ntchito, limayendetsa maphunziro a ntchito zamanja mosinthanitsa koleji ndi wekishopu. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Soche Technical kapena ku Nasawa nthawi zina amafika pafakitale sipanala ikumukhala m'manja kuposa mnzake wa digiri, amene mota anaiona pa bolodi pokha.

Apa maesiteti a ku Thyolo ali ndi mwayi umene makampani a m'tauni alibe. Ali ndi nyumba za antchito, magalimoto oyenda tsiku ndi tsiku, ndi zipatala. Mwana wa kuno angathe ngakhale kugona kwawo n'kumalawirira. Chofunika n'chakuti kalendala igwirizane. Kutumiza wophunzira ku fakitale ya tiyi mu Julaye, tsamba litachepa ndipo makina ena atamasulidwa, n'kothandiza kwa wa zamakanika yekha. Wofuna kuona mmene tiyi amapangidwira ayenera kukhalako mu Januwale, pamene mathirakitala akutsitsa tsamba mpaka usiku ndipo cholakwika chilichonse chimaoneka tsiku lomwelo.

Boma nalo linayesa mbali yake. Mu 2018 linayambitsa ndondomeko yolemba omaliza maphunziro kuti aziphunzira ntchito m'maofesi ake, poyamba akulandira K80,000 pamwezi. Yathandiza ambiri kupeza choti alembe pa CV, ndipo m'maofesi ena a m'maboma achinyamatawa ndi amene akuyendetsa makompyuta. Koma ndi thandizo lobwera digiri itatha kale, lili ndi malire a nthawi, ndipo ndalama yotere inasungunuka kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komanso katswiri wa zitsulo kapena wa makemikolo akaikidwa pa tebulo la makalata pa khonsolo, chaka chimatha luso lake likuchita dzimbiri.

Za CV ndi intaviyu sinditayapo nthawi, chifukwa ndi mbali yosavuta ndipo ndi imene imakambidwa kale kwambiri. Masamba awiri akukwana; nambala ya foni ikhale yoti ikuyankhidwa; okuchitira umboni uwapemphe kaye usanawalembe; kalata imodzi siitumizidwa ku makampani khumi mongosintha dzina pamwamba. Chimene mwana wochokera ku CDSS amasowa kwenikweni si nzeru, koma kuzolowera kuyang'ana mabwana asanu m'maso n'kunena chimene amadziwa, m'Chingerezi, osapepesa. Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu uziweramitsa mutu ndi kuchepetsa mawu, ndipo pa intaviyu ulemu womwewo amauwerenga ngati kusadziwa. Izi zimatha ndi kuyeserera kangapo pamaso pa munthu wachilendo, osati ndi kumvera nkhani mu holo. Wophunzira adziwenso msanga kuti ntchito zina pepala la yunivesite palokha silikwana: owerengera ndalama ali ndi ICAM, mainjiniya ali ndi Malawi Engineering Institution, a zaumoyo ali ndi Medical Council ndi Nurses and Midwives Council, ndipo kulembetsa konseku kumafuna ndalama ndi nthawi.

Mbali imene imaiwalika ndi ya kuteteza wofuna ntchito. Munthu amene wakhala chaka akuponya makalata amakhulupirira chilichonse. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zotsatsa ntchito zabodza zokhala ndi chidindo cha bungwe lodziwika, zomaliza ndi pempho loti utumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lako lilowe. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa intaviyu. Ena amakopeka ndi ntchito za kunja, ku Joni monga mwa kale kapena m'minda ya ku Israel kumene achinyamata anayamba kupita mochuluka mu Novembala 2023, ndipo amasaina mapepala amene sanawawerenge. Kwa atsikana kuli msampha wina umene aliyense amaudziwa koma sutchulidwa pa chionetsero cha ntchito. Mu 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana kunja kwa khoti ndi amayi 36 amene anakasuma ku London za nkhanza zokhudza kugonana m'minda ya tiyi. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalonjeza njira zatsopano zodandaulira ndi zokwezera amayi pa maudindo. Mtsikana wopita ku atachimenti, kaya ndi ku esiteti, kubanki kapena ku unduna, ayenera kuchoka pasukulu akudziwa kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwewu, ndiponso akudziwa munthu wa kusukulu kwake amene angamuimbire foni. Onse ayenera kudziwa kuti lamulo la ntchito la 2000 sililola nthawi yoyesedwa kupitirira miyezi 12, ndi kuti pa penshoni bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5.

Nanga mawu otchuka aja akuti musamafune kulembedwa, dzilembeni nokha ntchito? Amamveka bwino pa mwambo wa magauni, makamaka akamanenedwa ndi munthu amene walandira malipiro a pamwezi moyo wake wonse. Mwayi ulipo ndithu ku Thyolo: alimi ang'onoang'ono a tiyi amafuna mbande zabwino, nthochi zimene matenda a chisaka anaononga zikufuna mbewu yopanda matenda, mkaka wa ku Bvumbwe ndi tomato wa kwa Goliati zimaonongeka posowa ozisunga ndi kuzikonza. Koma chiwongoladzanja cha kubanki chinali pamwamba pa 25 peresenti mu 2024, ndipo mwana wa wothyola tiyi alibe chikole, ali ndi ngongole ya sukulu ndi abale oyembekezera. Mlangizi woona mtima amuuza kuti bizinesi yolimba kawirikawiri imayambidwa ndi munthu amene wagwirapo ntchito kwa wina, waona pamene pakudontha, ndipo wasunga kangachepe. Ndiye tabwereranso pa atachimenti.

Chinthu chotsika mtengo chimene mayunivesite athu angachite, komanso chimene chingawachititse manyazi pang'ono, ndi kuwerenga. Ku Britain amafunsa omaliza maphunziro patatha miyezi 15 kuti akuchita chiyani, ndipo zotsatira zake zimalengezedwa poyera, phunziro ndi phunziro. Kuno manambala a foni alipo, magulu a WhatsApp a kalasi iliyonse alipo. Yunivesite iliyonse ikanamatulutsa chaka ndi chaka kuti mwa omaliza digiri yakuti, angati ali pantchito ya maphunziro awo, angati ali pa ina, angati ali pakhomo, mwana wa Fomu 4 ku Luchenza kapena ku Thekerani akanadzaza fomu ya NCHE akuona kumene akupita, osati kungosankha dzina lomveka mokoma kapena kumene mapointi ake angalowe. Ndipotu uphungu umayenera kutsika kufika ku Fomu 2, chifukwa amene wasiya Physics ndi Chemistry polowa Fomu 3 wadzitsekera khomo la ku Ndata asanadziwe n'komwe kuti khomolo liliko.

Ofesi ya uphungu silenga ntchito, ndipo wonena kuti ingathetse ulova akunama. Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni pa kampeni ya 2020, tili ndi masomphenya a Malawi 2063, koma fakitale imene ikusowa ndalama zakunja zogulira zipangizo silemba munthu ngakhale CV yake ikhale yokongola bwanji. Chimene ofesiyi ingasinthe ndi chakuti ntchito zochepa zimene zilipozo zizipita kwa ndani, ndipo wolowayo azifika akudziwa chochita.

Mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda, zomwe zinaonetsa kuti makampaniwa angathe kukhala pa tebulo limodzi n'kumanga chimodzi. Akhalenso pansi ndi MUST, Malamulo, LUANAR ndi MUBAS. Agwirizane chiwerengero cha malo a atachimenti pa nyengo iliyonse, okhala ndi pogona ndi kamalipiro, olengezedwa pa bolodi kuti aliyense aone, ndipo gawo lina lisungidwire ana a ogwira ntchito m'mindamo ndi a m'midzi yoyandikana nayo. Ndipo iwe amene uli chaka choyamba ku Ndata kapena ku Makwasa, usadikire gauni. Tchuthi chikubwerachi lemba kalata, upite nayo wekha ku ofesi ya fakitale imene ili pafupi ndi kwanu, ukapemphe kuti akuonetse mmene ntchito imayendera.